Pabwalo la Ndeke Palibe Mwini Mudzi

Amai anzanga a Chigwirizano, ambiri a ife tinakula tikumva kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tinaphunzitsidwa kumlandira katundu asanafike pakhomo, kumuyalira mphasa, kumpatsa madzi, ndipo atapuma m'pamene timfunsa za kumene wachokera. Mwambo umenewu umaima pa anthu awiri: pali mlendo, pali mwini mudzi. Wina ali ndi nyumba, moto ndi nkhokwe, winayo ali ndi fumbi la m'njira ndi njala, ndipo aliyense adziwa mbali yake. Tsono funso limene ndifuna kuti tilisinkhesinkhe pamodzi ndi ili: pamalo pamene onse ali alendo, popanda mwini mudzi ndi mmodzi yemwe, tili ndi mangawa otani kwa munthu wokhala pa mpando woyandikana ndi wathu?

Malo otere alipo, ndipo ambiri a ife tayamba kuwaponda. Kale ulendo wa pa ndeke unali wa nduna za boma, mabwana a ku migodi ndi ophunzira opita kunja. Lero mupeza agogo a ku Katete akupita ku Leeds kukasamalira mwana wawo amene wabereka kumene, amai a malonda a ku Kamwala akupita ku Dubai kapena ku Guangzhou kukaoda katundu, anamwino athu akubwerera ku ntchito, odwala akupita ku zipatala za ku India. Zambia Airways yakale inatsekedwa mu December 1994, ndipo British Airways inaleka ulendo wa pakati pa Lusaka ndi London mu 2013. Motero wonyamuka pabwalo la Kenneth Kaunda kupita kutali amatsika kaye pena pake: Addis Ababa, Nairobi, Johannesburg, Dubai kapena Doha. Pamenepo amadikira maola asanu, asanu ndi atatu, mwina usiku wonse, pakati pa anthu zikwi amene sanawaonepo ndipo sadzawaonanso.

Mukhoza kunena kuti nanga pa basi ya ku Chipata si chimodzimodzi? Ayi, n'zosiyana. Pa basi, musanafike ndi ku Chongwe komwe, mwafunsana kale mfunda. Mwapeza kuti ndinu a Phiri nonse, kapena kuti alongo ake a mnzanuyo anakwatiwa kufupi ndi kwanu ku Nyanje. Pofika pa mlatho wa Luangwa mukugawana nsomba, mwana wa wina ali pa miyendo panu. Tili ndi njira yosandutsira mlendo kukhala mbale, ndipo njirayo ndi mafunso. Pabwalo la ndeke mafunso amenewo sagwira ntchito. Wokhala pambali panu achokera ku Manila, winayo ku Lagos, winayo ku Oslo. Katswiri wina wa ku France wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Marc Augé, analemba buku mu 1992 m'mene anati mabwalo a ndeke, misewu ikuluikulu ndi masitolo aakulu ndi malo amene sali malo enieni, chifukwa munthu sakhalamo ndi mbiri kapena chibale. Alimo ngati nambala ya mpando ndi chithunzi cha m'pasipoti basi. Ndigwirizana naye pang'ono chabe. Ndithu nyumbazo zilibe mbiri yathu, koma anthu amalowamo atasenza mbiri zawo zonse, ndipo wokhala maso amaziona.

Chinthu choyamba chimene munthu wodikira amachita ndi kuyang'ana anzake. Tonse timatero, ngakhale amene agwira nyuzipepala kapena foni. Muona bambo wa suti yodula atagona pansi, nsapato atatsamira kumutu. Muona mai wachisilamu akufunafuna pangodya poyala kansalu kake kuti apemphere. Muona achinyamata achizungu a zikwama zazikulu ndi mapazi akuda bii, kenaka banja lonse litavala zakuda, palibe woyankhula, ndipo simufunika kuuzidwa kuti akupita ku maliro. Kodi kuyang'ana kotere n'kolakwa?

Ine ndiganiza kuti pali kuyang'ana kwa mitundu iwiri, ndipo kunja kumaoneka kofanana. Kulipo kuyang'ana kumene kuli miseche ya maso. Pakamwa pali chete koma mumtima mlandu wazengedwa kale: mtsikana uyu wovala chonchi, ali ndi mzungu wokalamba uja, tikudziwa chimene akufuna, mai uyu mwana akulira chonchi, sanamlere bwino, awa a katundu wambiri, ndi aja ozemba msonkho. Kuweruza kumeneku n'kokoma chifukwa n'kwaulere. Woweruzidwayo sadzamva, sadzayankha, ndipo pakatha maola awiri adzakhala kumwamba kwa dziko lina. Kumudzi miseche ili ndi mtengo wake, pakuti tsiku lina imafika kwa mwini nkhani ndipo mumaitanidwa kwa anyakwawa. Pabwalo la ndeke palibe adzakuitanani. N'chifukwa chake ndimati malo amenewa amaonetsa bwino mtima wa munthu koposa tchalitchi kapena msika wa kwathu, pakuti zimene tichita kwa munthu amene sangatibwezere chabwino kapena choipa ndizo zathu zenizeni.

Wina angafunse kuti ngati munthuyo sadzadziwa, walakwiridwa ndani? Funsoli si lachibwana. Yankho langa lichokera m'kalasi. Ndaphunzitsa ku sekondale zaka zambiri, ndipo ndaona kuti mphunzitsi amene azolowera kuweruza mwana poona nsapato zake pa tsiku loyamba amasiya kuona ana. Amaona mitundu ya ana: waulesi, wamwano, wa kwa olemera. Diso limaphunzira chizolowezi monga dzanja liphunzira kalembedwe. Mai amene watha maola asanu ndi limodzi akuweruza alendo ku Nairobi adzafika kunyumba ndi diso lomwelo, ndipo adzayang'ana nalo mpongozi wake.

Kuyang'ana kwachiwiri ndinakuphunzira poyang'anira mayeso a Giredi 12. M'chipinda cha mayeso suyankhula, sungathandize kuyankha funso, koma maso ako ayenera kuyenda. Umaona amene cholembera chamuthera ndipo akuchita manyazi kukweza dzanja, amene watuwa kumaso chifukwa sanadye, mtsikana amene wakhala mosakhazikika ndipo afunika kutuluka mwaulemu anyamata asanazindikire. Uku ndi kuyang'ana kofunsa kuti, kodi pano pakusowa chiyani? Sikufuna kudziwa mbiri ya munthu. Erving Goffman, wofufuza za khalidwe la anthu pagulu, anafotokoza mu 1963 kaulemu kena kamene anthu a m'mizinda amapatsana: umamuyang'ana mnzako kamphindi kuti adziwe kuti wamuona, kenaka uchotsa maso kuti asamve ngati wasanduka chionetsero. Ife tingangoti ndi manyazi abwino. Mai akulira yekha pa benchi safuna maso makumi awiri. Afuna kuti khumi ndi asanu ndi anayi ayang'ane kumbali, ndipo mmodzi asendere pafupi ndi kampango.

Nkhani ya Mehran Karimi Nasseri imandivutitsa maganizo pa mfundo imeneyi. Bambo ameneyu, wa ku Iran, anakhala pabwalo la ndeke la Charles de Gaulle ku Paris kuyambira 1988 kufikira 2006, zaka 18, poyamba chifukwa analibe zikalata zomulola kulowa dziko lililonse. Anagona pa benchi yofiira, katundu wake ali m'makatoni pambali. Anthu osawerengeka anamdutsa, atolankhani anamjambula, ndipo nkhani yake inathandiza kubala filimu ya Steven Spielberg ya mu 2004 yotchedwa The Terminal. Palibe munthu wodikira amene anayang'anidwapo koposa iye. Koma amene anamsamalira tsiku ndi tsiku anali antchito a pabwalopo, amene anali kumpatsa chakudya ndi zowerenga, ndi dokotala wa pomwepo amene anali kuona za umoyo wake. Mu 1999 anapatsidwa mwayi wa zikalata, iye nakana kusaina, ndipo ambiri anaona kuti zaka za pa benchi zinali zitamsokoneza maganizo. Atachoka mu 2006 chifukwa cha matenda anakhala m'nyumba zosungirako anthu, koma kumapeto anabwerera yekha pabwalo lomwe lija, namwalira pomwepo mu November 2022. Kwa apaulendo anali chodabwitsa chokakamba kunyumba. Kwa osesa ndi ogulitsa khofi anali mnansi.

Tibwere ku kuyankhulana. Ambiri timaopa kuyamba, poganiza kuti tidzasowetsa mtendere mnzathu. Mu 2014 Nicholas Epley ndi Juliana Schroeder anasindikiza zimene anapeza pakati pa okwera sitima ndi mabasi ku Chicago. Ena anawapempha kuti acheze ndi munthu wosamdziwa, ena kuti akhale chete. Asanayambe, ambiri anayembekeza kuti kukhala chete ndiko kudzawakomera, koma pomaliza amene anacheza ndiwo anati ulendo unawakomera koposa. Agogo athu sakanafuna kafukufuku kuti adziwe zimenezi, komabe n'zolimbikitsa kumva kuti ngakhale kumene anthu amaoneka ouma nkhope, mitima ili ndi ludzu lomwelo.

Chodabwitsa n'chakuti macheza a pamalo otere sachedwa kuzama. Georg Simmel, wa ku Germany, anaona kale mu 1908 kuti mlendo wodutsa amauzidwa zinsinsi zimene abale apamtima sauzidwa. Chifukwa chake n'chosavuta: mlendo sadziwa apongozi ako, sapita ku mpingo wako, ndipo mawa kulibe. Usiku wina ku Bole, ku Addis Ababa, ndinakhala pafupi ndi mai wa msinkhu wanga wochokera kumadzulo kwa Africa. Tinayamba ndi tchaja ya foni, imene iye analibe. Pasanathe ola anali atandiuza chinthu chimene anati sanauzepo mwamuna wake kapena abusa ake kwa zaka zoposa makumi awiri. Sanandifunse dzina, inenso sindinamfunse. Sanafune uphungu. Anafuna kuti mawu amenewo atuluke kamodzi pamaso pa munthu wamoyo. Ndeke yake itaitanidwa anandigwira manja onse awiri, napita.

Zimene anandiuza sindizilemba pano, ngakhale kuti palibe mmodzi wa inu angamdziwe. Apa ndi pamene ndisiyana maganizo ndi anzanga ena, amene amati nkhani yopanda dzina ilibe mwini, ndipo ngati ingathandize ena ikambidwe. Ine ndikuti iye anandisungitsa, sanandipatse. Mnzako akakusungitsa mbuzi napita ku Joni osabweranso, mbuziyo sisanduka yako chifukwa chakuti mwini wake sadzaiitanitsa. Ndiponso tiyeni tinene zoona, amai: tili ndi luso losandutsa chinsinsi cha wina kukhala mutu wa pemphero pa msonkhano wa Chigwirizano, ndi tsatanetsatane yense, mpaka omvera aiwala kupemphera nayamba kufunsa mafunso. Wakumva zonse safuna kuti tilongosole pagulu kuti adziwe amene tikumpempherera.

Tsono pali mbali ina yowawa, imene sindingaibise. Pabwalo la ndeke lililonse zokuzira mawu zimabwereza chenjezo lomwelo: musasiye katundu wanu payekha, musanyamulire munthu aliyense kanthu. Kwa munthu woleredwa kwathu mawu amenewa amamveka ngati lamulo la nkhanza. Ife amene timatumiza thumba la nshawa ku Lusaka kudzera mwa munthu amene tangokumana naye pa siteshoni, tikanize bwanji kaphukusi kakang'ono? Tsiku lina ku Johannesburg mnyamata wovala bwino anamva ndikuyankhula pa foni m'chinenero chathu. Anabwera, nagwada pang'ono monga mwana wa mwambo, nati, "Amai, pepani, katundu wanga wapitirira sikelo. Kaphukusi aka ndi ka alongo anga ku Lusaka, adzakuchingamirani pabwalo. Mungandithandizeko?" Ndinati, "Mwanawe, sindinyamula chimene sindinalongedze ndekha. Koma tiye tonse kwa olemba katundu, tikafunse mtengo wa makilo opitirirawo, mwina ndingakuwonjezereko." Anandithokoza mwaulemu, napita kwina.

Mwina munali nsapato ndi mafuta odzola. N'kutheka ndithu kuti ndinakaniza mwana wosalakwa, ndipo iye anapita akuganiza kuti amai a masiku ano mtima unauma. Komabe ndikhulupirira kuti kukana kuja kunali koyenera, ndipo ndifuna kuti mumve chifukwa chake, pakuti ena a inu mudzapemphedwa zomwezo. Lamulolo silinangochokera m'mutu mwa munthu. Mu April 1986, pabwalo la Heathrow ku London, alonda anapeza bomba m'chikwama cha mtsikana wa ku Ireland, woyembekezera, amene anali kukwera ndeke ya El Al kupita ku Tel Aviv. Iye sanadziwe kanthu. Chikwamacho anampatsa ndi bwenzi lake Nezar Hindawi, mwini pathupipo, amene anamlonjeza ukwati. Hindawi anagamulidwa zaka 45. Onani kuti womupereka sanali mlendo, anali wokondedwa wake. Ndipo mu December 2011 dziko la China linapha mai wa ku South Africa, Janice Linden, amene anagwidwa ku Guangzhou mu 2008 ndi makilo atatu a mankhwala osokoneza bongo m'katundu wake. Iye anakana mlandu kufikira imfa.

Pamene unyamula phukusi kudutsa nalo pa chipata cha dziko, ukunena pamaso pa lamulo kuti ichi ndi changa, ndichidziwa. Ngati sunachione, ukuchitira umboni chinthu chimene sudziwa. Chifundo chimapereka zimene zili zako: mpando, chakudya, ndalama, nthawi, khutu. Dzina lako ndi ufulu wako si zako wekha. Ndi za ana ako, za adzukulu amene ukulera, za mpingo umene udzatchulidwa m'nyuzipepala pamodzi ndi iwe. Kukana phukusi si kunena kuti mwini wake ndi mbala. Ndi kungovomera kuti pamalo amenewa sungathe kudziwa, ndipo iyenso, ngati ali woona mtima, adziwa kuti sungathe.

Nanga ngati sitingakhulupirire aliyense, ulendo wa mlendo utha bwanji? Taganizirani za Gander, katauni ka pa chilumba cha Newfoundland ku Canada, ka anthu pafupifupi 10,000. Pa 11 September 2001, America itatseka mlengalenga mwake chifukwa cha zigawenga, ndeke 38 zinatera kumeneko ndi anthu oposa 6,500. Palibe anadziwa ngati pakati pawo panalibe chigawenga china, ndipo katundu wawo wamkulu anatsala m'ndeke. Koma anthuwo anatulutsidwa. Oyendetsa mabasi a sukulu, amene anali pa sitalaka, anaimika sitalakayo nayamba kuwatuta. Masukulu, matchalitchi ndi maholo a Gander ndi midzi yozungulira anasanduka zogona, amai anaphika usana ndi usiku, ena anatengera alendo kunyumba kuti akasambe. Zinatero kwa masiku ngati asanu. Apaulendo a ndeke imodzi, amene anasungidwa ku Lewisporte, anasonkha ndalama pobwerera nayambitsa thumba lolipirira maphunziro a ana a kumeneko. Anthu a ku Gander anasunga zonse ziwiri: anachenjera ndi zikwama, natsegula zitseko kwa anthu.

Iwo anali eni mudzi enieni, mudzatero. Inde. Koma ndaona kuti ngakhale m'kati mwa nyumba yodikiramo umwini mudzi umabadwa wokha, ndipo umayenda kuchoka kwa wina kupita kwa wina. Amene wafika ola limodzi patsogolo pako adziwa kumene kuli chimbudzi ndi madzi akumwa aulere, ndiye mwini mudzi wako. Amene adziwa Chingerezi ndi mwini mudzi wa gogo amene sangawerenge bolodi losonyeza zipata. Wopanda mwana m'manja ndi mwini mudzi wa mai amene ali ndi khanda ndi zikwama zitatu ndipo afuna kukataya madzi. Ngakhale Filipo uja wa m'buku la Machitidwe analibe nyumba pa msewu wa ku Gaza pamene anakumana ndi nduna ya ku Aitiopiya. Onse awiri anali apaulendo, wina anali ndi galeta, wina anali ndi chidziwitso, ndipo atasiyana sanaonanenso.

Ife amai achikulire tili ndi umwini mudzi wina umene sitiuwerengera, ndiwo msinkhu. Amene mwadutsa ku Addis Ababa kapena ku Nairobi mwawaona atsikana oyenda m'magulu, aliyense atagwira envulopu ya pulasitiki, akudikira ndeke za ku maiko a Aarabu kukagwira ntchito za m'nyumba. Ambiri amapeza mabwana abwino, natumiza ndalama zomangira nyumba kwawo, ndipo si kwa ife kuwanyoza kapena kuwaopseza. Koma m'maiko angapo a kumeneko chilolezo cha wantchito chimamangidwa pa dzina la bwana wake, mwa dongosolo lotchedwa kafala, ndipo ena amalandidwa pasipoti atangofika. Mu 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amai a ku Malawi amene anazunzika ku Oman, ndipo oposa 50 anathandizidwa kubwerera kwawo. Kuno kwathu lamulo loletsa malonda ogulitsa anthu linakhazikitsidwa mu 2008, koma lamulo silikhala pa benchi ndi mtsikana pakati pa usiku.

Pa ulendo wina ndinamva atsikana awiri akunong'onezana m'Chichewa cha ku Malawi. Ndinawayang'ana nthawi ndithu ndisanasendere, kuti ndione ngati pali wowaperekeza. Panalibe. Wamng'onoyo anali kutembenuza chikalata chake chokwerera ndeke mobwerezabwereza, ngati mwana wa sukulu amene walandira pepala la mayeso a phunziro limene sanaphunzire. Ndinawapatsa moni, nayankha mogwada, ndipo ndinatulutsa mabisiketi. Sindinawafunse chifukwa chake akupita, pakuti chifukwacho tonse tichidziwa. Ndinafunsa ngati adziwa dzina la tauni imene akupita, ngati ali ndi pepala la mgwirizano wa ntchito, ngati kwawo kuli munthu amene ali ndi chithunzi cha pasipoti yawo. Tauni anaidziwa. Pepala anati lili ndi amene anawapezera ntchito. Za chithunzi anangoyang'anana.

Tinajambula mapasipoti onse awiri ndi foni ya wamkuluyo, tinatumiza kwa mlongo wake pa WhatsApp, pamodzi ndi dzina ndi nambala ya munthu amene anawatumiza. Ndinawauza kuti aloweze pamtima nambala imodzi ya kwawo, chifukwa foni ikhoza kulandidwa, ndipo ndinawabwerezetsa katatu monga ndichitira ndi ana a Giredi 8, mpaka anayamba kuseka. Wamng'onoyo anati, "Amai, kodi ndinu aphunzitsi?" Ndinavomera. Anati amai ake anafuna kuti iyenso adzakhale mphunzitsi, koma ndalama za fizi zinatha ali Fomu 2. Chipata chawo chinali kutali, kumapeto kwa khonde lalitali, ndipo sanadziwe kuti chasinthidwa. Ndinawaperekeza kufikira pamene wantchito anayamba kuona zikalata, ndipo ndinabwerera ku benchi yanga, pakuti ine ndinali ndi maola ena anayi.